Choyera cha Kumbuyo kwa Mpando

6 Epulo

Mzime, mwana wa mlongo wanga,

Moni kaye. Kuno tadzuka, kaya iwe kutauniko ndi ntchito yako yochapa ndi kusita zovala za eni ake. Bondo langa ndi lomwe lija, koma nsapato za anthu ndikusokabe. Uwerenge modekha, chifukwa dzanja langa linazolowera zingano, cholembera chimandipulumuka.

Zithunzi za amayi ako zimene unapempha zatuluka. Ndikuuza mmene zinayendera, pang'onopang'ono, kuti usadzati malume anadumpha pena.

Linali Lamlungu masana. Achimwene ako anali atabwera ndi lole yawo. Analowa m'chipinda chimene malemu bambo ako ankajambuliramo anthu, natenga kamera yawo yakale ija, yachitsulo, ya lamba amene ndinasoka ine. Filimu anatola m'chitini cha mabisiketi, momwe bambo ako ankasungamo mafilimu awo. Amayi ako anavala diresi yobiriwira, nakhala pampando wa mikono pabalaza. Kumbuyo kwawo kunali chitseko cha chipinda chomwecho, chotseka. Anajambulidwa kasanu. Filimu yotsalayo inathera pa lole, pa ana ndi pa galu.

Za lole, za ana ndi za galu zili bwino. Zisanu za amayi ako ndi zimene zandilembetsa kalata.

Pa choyamba, kuseri kwa phewa lawo, pali kanthu koyera, kotalika ngati chala chaching'ono. Pa chachiwiri kakula. Pa chachitatu kali ndi mapewa. Pa chachinayi ndi munthu ndithu, wovala zoyera, manja ali m'mbali, waima kumbuyo kwa mpando, koma poyenera kukhala nkhope pangoti mbuu. Pa chachisanu chafika. Chadzaza theka la chithunzi, ndipo khutu la amayi ako likuonekera mkati mwake.

Tsikulo ndinalipo, ndinakhala pa sofa. Kumbuyo kwa mpando kunalibe munthu.

Tsopano cholakwa changa. Amayi ako ndi ng'ala yawoyo sangaone chithunzi ngakhale atachigunditsa pamphuno. Anandipatsa ine nati, "Iwe, tandiuza, ndaoneka bwanji?" Ndikanati mwaoneka bwino n'kutseka pakamwa. Koma achemwali anga anandidziwa ndisanayambe kuvala kabudula. Anati, "Wapuma kawiri usanayankhe. Nena." Ndinanena zonse, chimodzichimodzi. Kenako anati, "Ndi bambo a ana. Akubwera kudzanditenga."

Dzulo anandituma kuti ndikuuze kuti za opaleshoni ya maso ya pa 30 Juni uziiwale, sabwera. Akuti munthu sakonza denga la nyumba imene akusamukamo. Ndinawakumbutsa zimene unanena, kuti dokotalayo amabwera kamodzi pa chaka, ndiponso kuti akaphonya, diso lotsalali litseka nalo. Anandiyankha kuti ndikasoke nsapato.

Zithunzi zisanuzo ndaika muno. Tiuze nzeru, inu a m'tauni.

Malume ako.

14 Epulo

Okondedwa Malume,

Ndakondwa kumva kuti muli bwino. Ine ndili bwino, kungoti nthunzi ya simbi yandiwaula nkhope, mukandiona mudzati ndayamba kudzola.

Zithunzi ndalandira. Amayi aonda, koma diresiyo ikuwakhalabe. Zoyerazo musade nazo nkhawa. Pafupi ndi pamene ndimagwira ntchito pali mkulu wina wokonza makamera akale, anthu amangomutchula Wamagalasi chifukwa amavala magalasi awiri, ena pamphuno ena pachipumi. Ndinamupeza akudya, ndinamuonetsa chimodzi, anangochiyang'ana m'mbali nati makamera okhalitsa pashelefu amachita chuku m'galasi lakutsogolo. Ndiye ndi dothi chabe, malume. Muwauze amayi kuti ndi dothi.

Muchite izi. Mutsegule kamera kumbuyo, muyang'anitse ku windo, muone mkati mwa galasi. Mukaona timizere tonga ukonde wa kangaude, chimenecho ndiye chipukupuku chanucho.

Inunso malume, munthu wamkulu, kumaopseza achemwali anu ndi chuku? Tsiku la 30 Juni silisintha. Dzina lawo ndinalilembetsa movutikira, ndinaima pamzere masiku awiri. Bedi ndakonza kale, ine ndizigona pansi. Mundiuze ngati akudya.

Ndine mwana wanu,
Mzime.

24 Epulo

Mzime,

Moni. Kalata yako inafika, ndipo ndinawawerengera amayi ako monga mmene unalembera, osachotsa mawu. Pamenepo ndinalakwanso. Nditafika pa mawu akuti dothi anandigwira dzanja. Anati, "Bwereza." Ndinabwereza. Anati, "Mwana amene anamusenza paphewa popita naye kusukulu, lero akuti bambo ake ndi dothi. Chabwino, ndi dothi, tinawakwirira tokha. Koma akanadikira chaka chithe." Ndinayesa kufotokoza kuti sunatanthauze zimenezo. Sanamve.

Kamera ndinatsegula monga unanenera. Ndinaima pa windo, ndinayang'ana mpaka diso linatuluka misozi. Mulibe ukonde, mulibe fumbi. Galasi lili mbee. Ukudziwa bambo ako, ankapukuta galasi limenelo kuposa mmene ankasambira.

Ndinapitanso ku shopu kumene anatsuka filimuyo. Mayi wa pamenepo ndi waulemu. Anati tsikulo anatsuka mafilimu asanu ndi awiri m'mankhwala omwewo, ndipo palibe wina amene anabwera kudzadandaula. Anatenga za galu zija nati, "Agogo, makina anga akanalakwa, galuyunso akanakhala ndi mnzake." Tinaseka. Koma nditamufotokozera zisanuzo motsatana, kuseka kunamuthera, nandifunsa ngati mayi wa pazithunziyo akadali moyo.

Wandifunsa ngati akudya. Akudya ngati mbalame. M'mawa akadzuka amasamba, amavala diresi yobiriwira ija, n'kukhala pampando womwe uja, msana kuchitseko. Ndikabwera ndi tiyi amandifunsa, "Kumbuyoku kuli bwanji lero?" Ndimati kulibe kanthu. Amati, "Tsiku lijanso unkati kulibe kanthu."

Lachitatu anaitana achimwene ako nati, "Tenga kamera undijambule chachisanu ndi chimodzi, tione pamene afika." Achimwene ako, munthu woyendetsa lole m'misewu ya zigawenga, anatuluka, nakakhala m'lolemo mpaka dzuwa kupendeka.

Usaseke, mwana wanga. Ine sindikunena kuti ndi alamu anga. Ndikungoti chuku sichikhala ndi mapewa.

Malume ako.

3 Meyi

Malume,

Moni nonse. Ndalira nditawerenga. Muwauze amayi kuti pakamwa panga ndi pomwe paja, pamathamanga kusiya mutu kumbuyo. Andikhululukire.

Ulendo uno ndinapita kwa Wamagalasi ndi zisanu zonse, ndipo ndinadikira kuti amalize zimene ankachita. Anaziyala patebulo motsatana, natsitsa magalasi a pachipumi aja. Anaziyang'ana chimodzichimodzi. Kenako anati, "Mwana iwe, tsiku lija unandionetsa chimodzi ndili ndi supuni m'manja. Chuku ayi."

Anandiphunzitsa motere. Chuku kapena galasi lokandika limaononga zithunzi zonse mofanana, chifukwa kuwala konse kumadutsa pomwepo. Silingasankhe amayi n'kusiya galu. Mankhwala otsukira akalakwa amasiya madontho kapena mizere yoyenda motalika ndi filimu, osati chinthu choima. Chatsala ndi kuwala kolowera pobisika. Akuti m'mbali mwa chitseko cha kamera muli siponji, ikakalamba imanyenyeka, dzuwa n'kumalowa. Koma akuti kuwala koteroko kumakonda kufiira, ndipo sikudziwa malire a chithunzi, kumatayikira mpaka m'timabowo ta m'mbali mwa filimu.

Ndinamufunsa kuti ndiye ndi chiyani. Anati, "Pepalali ndi mphekesera chabe. Mboni ndi negetivu." Ndiye chonde, malume, munditumizire negetivu, timapulasitiki tabulauni tija timene a ku shopu amaika m'envelopu limodzi ndi zithunzi. Musatigwire pakati, mugwire m'mbali. Mutitumize tonse, ngakhale ta galu.

Masiku akutha. Amayi musawakakamize kaye, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mzime.

11 Meyi

Mlongo wanga,

Moni. Ine sindidziwa kulemba zambiri ngati malume.

Iwe ndi amene unayambitsa izi. Chiikireni maliro sunabwere, koma ukufuna zithunzi. Ukanakwera basi kudzaona amayi ndi maso ako, kamera ija ikanakhala pashelefu.

Negetivu zili ndi ine ndipo sinditumiza. Sindikufuna kuti munthu wachilendo azisuzumira zinthu za pakhomo pathu ndi magalasi awiri. Ndikabwerako ulendo uno ndikukazitentha pamodzi ndi kamerayo. Chimene sitikuchidziwa tisachiputenso.

Amene anayang'ana m'kamera tsiku lija ndine. Ndinaona amayi, mpando ndi chitseko, basi. Chiyambireni ndikamayendetsa sindikuyang'ana pa galasi loonera kumbuyo.

Achimwene ako.

22 Meyi

Mzime,

Moni. Kalata yako ya pa 3 Meyi yandipeza dzulo. Inagona ku positi masabata awiri, akuti inagwera kuseri kwa kabati. Masiku onsewa ndimayesa wakwiya nafe chifukwa cha mawu a amayi ako, ndipo iwonso amayesa choncho. Kenako achimwene ako anandiuza kuti unawaimbira ku ntchito kwawo kupempha negetivu, iwo n'kukuyankha ndi kalata. Sanandionetse, koma ndikuwadziwa. Usawasungire mawu. Munthu wamantha amaluma amene ali pafupi.

Ndachita chinthu chimene sindinachitepo chibadwire. Ndaba. Achimwene ako anandisiyira jombo zawo kuti ndiike zidendene, ndipo popita kukasamba anakoleka jekete pa msomali wa pa shopu yanga. Envelopu inali m'thumba lamkati. Ndinachotsa negetivu, m'malo mwake n'kuikamo tizikopa topyapyala todula bwino. Akatentha amva fungo la nsapato, adzandidziwa. Negetivuzo ndaika muno, kamera ndaibisa m'bokosi la zikombole za nsapato.

Siponji ndaiona. Ndi yatsopano, yodulidwa mwaluso. Bambo ako anaisintha okha.

Za amayi ako sindikubisa. Agawa zovala. Majuzi awiri apatsa mkazi wa achimwene ako, nsapato za ku tchalitchi apatsa mayi woyandikana nafe. Makina osokera akuti ndi ako. Atsala ndi diresi yobiriwira ndi ina yosinthira. Sakudwala, sakulira. Amacheza bwinobwino, amanditonza za dazi langa monga kale. Koma mpando ausuntha. Tsiku lililonse amaukankhira m'mbuyo pang'ono. Poyamba sindinazindikire, mpaka ndinaona mikwasa ya miyendo yake pa simenti. Panali mapazi anga asanu ndi limodzi kuchokera pampando kufika pachitseko. Lero ndayeza, atsala atatu.

Ndinawafunsa chifukwa chake. Anati, "Bambo a ana miyendo inkawavuta. Ndiwachepetsereko ulendo."

Wamagalasi wakoyo afulumire.

Malume ako.

1 Juni

Malume okondedwa,

Moni. Khalani pansi musanawerenge, ndipo amayi muwawerengere pang'onopang'ono.

Negetivu zinafika. Wamagalasi anaziika pa kabokosi kowala, naweramirapo ndi kagalasi kokulitsa. Sanathe ngakhale mphindi imodzi. Anandiitana nati, "Yang'ana malire." Malume, chithunzi chilichonse pa filimu chimakhala m'kabwalo kake, ndipo pakati pa china ndi chinzake pamakhala kampata. Pa za galu ndi za lole malire ndi amodzi. Pa zisanu zoyambazo malire ndi awiri, ena apitirira anzawo pang'ono, ngati mapepala awiri osanjikizana mokhota.

Filimu imeneyo inalowa m'kamera kawiri. Munthu wina anajambulapo kale zisanu, naibweza m'kachitini kake, nasiya lilime lake panja kuti adzapitirize tsiku lina. Akuti ojambula akale ankatero posafuna kutaya filimu. Achimwene anaona lilime lili panja, anayesa ndi yatsopano, najambula amayi pamwamba pa zakalezo. Woyambayo anaima kutsogolo kwa nsalu yakuda, ndipo chakuda sichidya filimu. N'chifukwa chake chipinda sichikuoneka, akuoneka munthu yekha.

Ndinafunsa chifukwa chake akuyandikira. Anaseka nati, "Ameneyo ndi mnzanga pa ntchito. Amayesa galasi." Akuti kamera ikagwa, umaiimika pa miyendo yake itatu, umalemba mizere pansi, n'kumaima pa mzere uliwonse, wakutali, wapakati, wapafupi, kuti uone pamene galasi likuona bwino. Makamera amenewo akuti ali ndi kachitsulo kotchera kuti adzijambule okha.

Kenako analowa m'kachipinda kake kamdima, nazitsukanso pamanja, osati pa makina. Amaphimba mbali ya amayi ndi chikhatho kuti mbali inayo ipse mokwanira. Ndinaima pambali pake, nyali yofiira ili pamwamba. Pepala linali m'madzi, loyera. Kenako kunatuluka kolala, kenako thumba lokhala ndi cholembera, kenako makutu aja.

Ndi ababa, malume. Avala khoti lawo loyera la ntchito. Pa chachinayi akuoneka mpaka chipsera cha pachibwano, ndipo akhwinyata nkhope monga ankachitira poyang'ana kamera ya munthu wina. Anajambula maukwati a anthu zaka makumi anayi, koma m'nyumba mwathu mulibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi. Ndinakhala pansi pomwepo. Wamagalasi anangondisiya.

Ndatumiza zinayi zazikulu. Chachisanu akulimbana nacho, akuti n'chovuta. Mukayang'ane pansi m'chipinda chija ngati pali mizere. Amayi muwauze kuti ananena zoona, ndi ababa. Koma sakubwera. Anaima pamenepo chaka chatha, ali moyo, akugwira ntchito yawo.

Mzime.

10 Juni

Mzime, mwana wanga,

Moni. Zithunzi zafika. Achimwene ako atenga chachinayi, achiika m'lole. Za zikopa zija sananene kanthu, angondibweretsera jombo zina.

Ndinalowa m'chipinda muja masana, mawindo onse otsegula. Nsalu yakuda ikadali pakhoma. Ndinakunkhuniza kapeti, ndipo pansi pake pali mizere ya penti yoyera, yokhala ndi manambala m'mbali, dzanja la bambo ako. Ndinatsegulanso chitini cha mabisiketi. Mafilimu onse ali ndi lilime panja, koma ena ndi okandidwa ndi msomali pa kachitini, wina timizere tiwiri, wina khumi. Ndiwo anali mawerengedwe awo. Sanauze munthu chifukwa m'chitinimo simunkalowa dzanja la wina. Achimwene ako sanafunse, ndipo safunsa anadya phula.

Mpaka apa Wamagalasi wako walondola. Chimodzi chokha waphonya. Kachitsulo kodzijambulira kanathyoka kalekale, iwe usanabadwe. Pamalo pake pali bowo limene ndinamata ine ndi kachikopa. Ndiye panali munthu wodina batani.

Ndinawawerengera amayi ako kalata yako. Nditafika pa za mizere anaimika dzanja. Anati, "Lachiwiri." Ndinati Lachiwiri liti? Anati, "Lachiwiri lomaliza. Anagwa nayo pa njinga kamerayo. Anandiitana ndikuchapa, anandiika chala pa batani nati, mayi a ana, simufunika kuona, ndikati tsopano muzingodina. Ndinkamva mapazi awo akubwera, akuima, akuti tsopano." Anaseka, koyamba chiyambire Epulo. Anati, "Ndiye amene ndinawajambula ndine? Wakhungu?" Sankadziwa kuti filimu imodzi ingasunge masiku awiri. Inenso sindinkadziwa.

Ndinaona kuti zatheka. Ndinali nditayamba kale kuganiza za chikwama chawo cha ulendo. Koma anayamba kuwerenga zala. Anati, "Wati zithunzi zingati?" Ndinati zisanu. Anati, "Ine ndinadina kanayi. Atanena tsopano wachinayi anati chifuwa chawagwira, nakakhala pa benchi. Anati ndiwapatse kamera, anabweza filimu ali chikhalire, ndinamva msomali ukukanda. M'mawa mwake ndi pamene tinapita nawo kuchipatala."

Ndinati mwina mwaiwala, achemwali, papita miyezi khumi. Anati, "Iwe umaiwala misomali ingati uli nayo pakamwa posoka?"

Ndinabwerera m'chipinda kukawerenga mizere ya penti. Ilipo inayi. Ndinapitanso kwa mayi wa ku shopu. Tizitini topanda kanthu amatiponya m'katoni pansi pa tebulo, ana a sukulu amadzatenga. Tinakhuthula tonse. Kokandidwa kanalipo kamodzi kokha. Timizere take ndi tinayi.

Mpando sanausunthenso, kutsogolo kapena kumbuyo. Za ulendo sakunena kanthu. Funsa Wamagalasi wakoyo za chachisanu, ndipo utiuze zoona zokhazokha. Amayi ako amamva bodza ngakhale la m'kalata.

Malume ako.

17 Juni

Malume, ndi inu Amayi,

Moni. Ndilemba zoona monga mwanenera.

Wamagalasi ndinamuwerengera kalata yanu yonse. Anaikanso negetivu pa kabokosi. Akuti chachisanu chili pa filimu mofanana ndi zinzake, malire ake ndi a ulendo woyamba, kuwala kwake kunadzera pa galasi. Si chuku, si siponji, si mankhwala. Chinthu choyera chinali kutsogolo kwa kamera, pafupi kwambiri, kosakwana kutalika kwa mkono. Galasi limenelo siliona pafupi chotero, n'chifukwa chake zonse zasungunuka.

Maganizo ake ndi awa, ndipo ine ndikuona kuti ndi omveka. Ababa atakhala pa benchi, kamera ili pamiyendo yayang'ana kwa iwo, mwina anakoka kachitsulo kopititsa filimu patsogolo mwachizolowezi, chala n'kugunda batani osadziwa. Munthu wogwidwa chifuwa sawerenga bwino. Ndiye choyeracho ndi khoti lawo, ndipo anakanda kanayi chifukwa ankadziwa zinayi.

Wachitsuka katatu. Khoti likuoneka, kolala ikuoneka. Pamwamba pake pali nkhope. Ndachiyang'ana mpaka mutu kupweteka. Nthawi zina ndimati ndi ababa ataweramira pansi. Nthawi zina ndimaona ngati nkhopeyo ndi yaitali kuposa yawo, ndipo sikuyang'ana kamera, ikuyang'ana cham'mbali. Ndinamufunsa Wamagalasi kuti iye akuona ndani. Anati, "Ine ndimadziwa zimene kuwala kumachita. Bambo ako sindinawaonepo." Anachiika m'envelopu chozondoka nandipatsa.

Amayi, ndikulankhula ndi inu tsopano. Ine ndinali mwana wawo zaka makumi atatu, koma sindikutha kunena. Malume sangathe, achimwene safuna n'komwe kuyang'ana. Sindikunyengererani. Chithunzichi sinditumiza pa positi, chingagwere kuseri kwa kabati. Chili kuno. Tsiku ndi lomwe lija, pa 30, ndipo akufuna mufike dzulo lake.

Mwana wanu,
Mzime.

25 Juni

Mzime,

Ndine mayi ako. Akulemba ndi malume ako, ndipo ndawauza kuti akawonjezera mawu awo ndidzadziwa.

Moni. Za dothi zija zinatha, usazisunge. Pakamwa pako unatengera ine.

Mkulu wako wa magalasi awiri ndi wanzeru, umuthokoze. Koma iye kunalibe, ine ndinalipo. Bambo ako atakhala pa benchi anali thukuta lokhalokha. Ndinawavula khoti ndi manja angawa, batani limodzi linathothoka, ndinaliponya khotilo m'beseni la zochapa limene ndinasiya pakhomo. Kamera ndinawapatsa pambuyo pake. Pobweza filimu anali ndi vesiti yabuluu, imene unawagulira iwe. Khoti linali m'madzi.

Ndiye pa benchi sipanali choyera.

Ndikuuza chimene malume ako sakudziwa. Chiyambire Epulo, akangochoka kupita ku shopu kwawo, ndimadzuka n'kutsegula chitseko cha kumbuyo kwa mpando. Ndimakhala pansi n'kumalankhula. Ndanena zambiri, za iwe, za achimwene ako, zina zimene sindinanene bambo ako ali moyo. Ndimati, bwerani, musaope, ndakonzeka. Masiku ena kumbuyoku kumazizira, ndipo ndinkakondwa.

Masiku onsewa ndakhala ndikuganiza. Zinayi zija ndi bambo ako, ndinawajambula ndekha, ndipo aliyense wawaona kupatula ine. Zimenezo zokha zikundinyansa. Mkazi wa achimwene ako akuti anali okongola. Akundiuza ine.

Chachisanucho, ngati ndi iwo, ndiwadziwa. Asungunuke bwanji, zaka makumi anayi ndi zisanu ndinkawazindikira ali kumapeto kwa msewu, atatembenuka, pakati pa anthu. Akakhala iwo ndidzabwerera pampando wanga, ndidzawadikira ndi maso oona, kuti akafika ndisawafunse kuti ndinu ndani.

Ngati si iwo, ndiye kuti miyezi itatu ndakhala ndikuitana mlendo m'nyumba mwanga. Ameneyo ndikufuna ndimuone nkhope.

Dokotala wakoyo umuuze anole mpeni wake. Envelopuyo usatsegulenso, usaonetse munthu, ndipo usagone nayo m'chipinda chimodzi. Udzandipatse m'manja tsiku limene adzandimasule nsalu kumaso, masana, pa windo.

Ndikwera basi ya m'mawa pa 28. Achimwene ako akufuna kundinyamula pa lole, ndakana, ndingafike mafupa ali m'thumba. Udzandichingamire pa depoti. Ndidzakhala nditaima pamene anditsitsire, chifukwa sindidzakuona. Udzandigwire dzanja kaye usanalankhule, ndipo udzabwere chakutsogolo, osati kumbuyo.

Mayi ako.